Bondo la Faustino

M'chilimwe cha 1977, bondo lakumanja la Faustino Chadza lidatupa mpaka buluku adayamba kumuthina. M'mawa ankatsika masitepe a nyumba imene ankakhala ku Toronto chammbuyo, atagwira khoma, akuluma mano kuti oyandikana naye asamve kubuula. Koma Lamlungu masana ankalowa m'bwalo la mpira akuthamanga, anthu n'kuimirira kumuombera m'manja. Zimene zinkachitika pakati pa m'mawa ndi masana zinkadziwika ndi anthu ochepa, ndipo onsewo adatseka pakamwa.

Faustino sadali wosewera wamba. Adabadwira ku Angonia m'dziko la Mozambique, kufupi ndi malire a Dedza, ndipo Chichewa ndicho adayamwira. Wansembe wina adamuona akumenya chikulunga wopanda nsapato, n'kumutumiza ku Beira. Kuchoka kumeneko adakwera sitima ya pamadzi kupita ku Lisbon. Adasewera zaka zoposa khumi m'matimu akuluakulu a ku Portugal, ndipo adavalapo malaya a timu ya dziko lonselo, mwana wa mlimi wa mbatatesi ataima pamzere nyimbo ya fuko ikuimbidwa. Chigoli china chimene adagoletsa ndi mutu atavala malaya amenewo, Apwitikizi a ku Toronto ankachifotokozabe m'malo omwera khofi, wina aliyense akulumbira kuti adalipo. Bondo litang'ambidwa kawiri, akuluakulu a timu yake adamugwira chanza, kujambulitsa naye chithunzi, n'kumuuza kuti akafune kwina. Eni matimu ndi otero kulikonse. Amafuna mwendo, mwini mwendoyo alibe naye ntchito.

Ku Toronto adamutenga Mpwitikizi wina womanga nyumba, amene adali ndi timu ya anthu akwawo. M'timuyo mudali mkulu wina wosamalira osewera, dzina lake Abilio, amene kwawo adali wometa tsitsi. Masewero asadayambe, Abilio ankawiritsa singano m'kachitini m'chipinda chovalira, kukoka madzi m'bondo la Faustino, n'kubayamo mankhwala opha ululu. Singano yomweyo inkapita kwa wina wa chidendene, kenako kwa wina wa phewa. Bondo likachita dzanzi, Faustino ankathamanga ngati kale. Mankhwala akatha mphamvu, ankalephera ngakhale kuvula nsapato.

Amalawi adalipo ochepa ku Toronto m'zaka zimenezo. Ankakumana Loweruka kunyumba kwa mayi Zelipa ku North York, namwino wa ku Dedza amene ankagwira ntchito pa chipatala china chachikulu. Faustino atawapeza anthu amenewa adasanduka wawo. M'dziko limene ambiri sankadziwa n'komwe kumene Malawi ali, iwo adali ndi munthu wolankhula Chichewa amene azungu ankamupempha kuti asaine pa zipewa zawo. Amene ankanyadira koposa adali Medson wa ku Ntcheu, wonyamula katundu m'nyumba yosungiramo zinthu ku Brampton. Ankamutenga pa galimoto yake, kumunyamulira chikwama, ndipo kuntchito adauza aliyense kuti ndi msuweni wake.

Onsewo ankaona kuti munthuyo akutsimphina. Koma kwathu tidazolowera kuti munthu wolemekezeka safunsidwa za thupi lake pagulu. Akalowa akukoka mwendo, anthu amangoti akuoneka bwino, n'kumupatsa mpando. Ndi mmene adachitira Amalawi a ku North York kwa miyezi.

Loweruka lina, kutatsala tsiku kuti achite masewero olowera ndime yomaliza ya chikho, Faustino adakana mpando wofewa n'kutsamira khoma, thukuta likuyenderera pamphumi. Mayi Zelipa adasiya makapu a tiyi m'manja mwa mnzawo, n'kupempha kuti aone bondolo. Amayi ena adayang'ana pansi, chifukwa sadaonepo mkazi akupempha mwamuna wa eni kuti apinde buluku pamaso pa anthu.

"Achemwali, bondo ili laonedwa ndi madokotala a ku Lisbon," adatero Faustino akuseka. "Inu mupezamo chiyani, golide?"

"Pano sindine chemwali wanu, ndine nesi. Pindani."

Adapinda. Khungu linkanyezimira, ndipo mayi Zelipa atagwira adapeza lotentha ngati mbale yochoka pamoto. Ataona timabala ta singano, adamufunsa amene amamubaya, ndi kumene singanoyo imasungidwa. Faustino adawauza za kachitini ka Abilio. Mayi Zelipa adamufotokozera pang'onopang'ono kuti ululu ndiwo umauza munthu kuti aime, ndipo mankhwala aja sachiza kanthu, amangotseka ululuwo pakamwa pamene mafupa akupitiriza kuperesana. Adawonjeza kuti singano yosatsukidwa bwino imalowetsa tizilombo m'kati mwa mfundo, ndipo kutenthako kudali kusonyeza kuti tizilomboto tayamba kale. Adamuuza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Medson ndiye adayankha, osati mwini bondo. Adati madokotala a ku Canada sadziwa za mpira, akangoona bondo lotupa amaletsa munthu kusewera, ndipo timu singapambane popanda Faustino.

"Achimwene, inu mwasewera pamaso pa dziko lonse la Portugal," adatero Medson. "Muope kachitupsa? Mawa mokha, Lolemba ndikupititsani ndekha kuchipatala."

Anthu ena adavomereza ndi mitu. Faustino adatsitsa buluku, kuthokoza mayi Zelipa mwaulemu, n'kutuluka ndi Medson.

M'mawa mwake Abilio adamubaya, ndipo Faustino adasewera ngati wabwerera unyamata. Adagoletsa zigoli ziwiri, chachiwiricho atadutsa anthu atatu n'kumugoneka wapagolo pansi. Apwitikizi adamunyamula pamapewa. Amalawi adavina pa mipando, ndipo Medson adasasa mawu. Ndani angawanene? Mpira wa mtundu umenewo ambiri a iwo sadauonenso.

Lolemba Medson sadamupititse kuchipatala. Mwini timu adali atauza Medsonyo kuti nkhani ya bondo isatuluke mpaka chikho chitatha, ndipo Medson adamvera. Ankangomugulira asipirini ndi kumuphikira tiyi wa mandimu. Pofika pakati pa sabata Faustino ankanjenjemera atafunda mabulangete m'chilimwe, akulankhula Chichewa chosamveka ndi amayi ake amene adamwalira kale. Apo ndi pamene Medson adachita mantha n'kuimbira foni mayi Zelipa.

Madokotala adang'amba bondolo tsiku lomwelo n'kutsuka mafinya. Dokotala wamkulu adamuuza Faustino, mayi Zelipa akumasulira mawu ovuta, kuti akadachedwa pang'ono akadadula mwendo pamwamba pa bondo kuti apulumutse moyo. Adanenetsa kuti mfundoyo yatha, ikhoza kumuyendetsa ngati aisamala, koma akaibayanso n'kuthamangira, tizilombo tidzabwerera ndipo ulendo umenewo sipadzakhala chopulumutsa.

Adagona m'chipatala masabata angapo. Mwa onse amene adamunyamula pamapewa, adabwera ndi ochepa. Mwini timu adatumiza maluwa. Mayi Zelipa ankadutsa pa bedi lake akaweruka, kumuyendetsa m'khonde ndi ndodo ziwiri, kenako ndi imodzi, osamukumbutsa ngakhale kamodzi kuti adamuchenjeza.

Masewero omaliza atayandikira, mwini timu adakumbuka njira ya kunyumba kwa Faustino. Adafika ndi Medson, n'kupeza mayi Zelipa akusintha bandeji. Mkuluyo adalankhula zambiri: kuti dzina la Faustino lalembedwa kale pa zikwangwani m'misika yonse ya Apwitikizi, kuti sakumupempha masewero onse koma kanthawi kochepa chabe anthu amuone, kuti Abilio wagula singano yatsopano. Medson adaonjeza chamunsimunsi kuti Amalawi onse aitana anzawo akuntchito, ndipo zidzakhala zamanyazi.

Faustino adatembenukira kwa mayi Zelipa kuti anenepo.

"Mwendo ndi wanu, achimwene," adatero mayiwo akumanga bandeji. "Singano yatsopano siisintha zimene dokotala ananena. Anthu akakuonani kanthawi kochepako adzapita kwawo ndi miyendo yawo. Inu mudzatsala ndi umene mudzasankhe."

Faustino adauza mwini timu kuti Lamlungu adzabwera kubwalo. Sadanene zina. Mkuluyo adatuluka akumwetulira, ndipo mayi Zelipa adalongedza zida zawo akuganiza kuti ntchito yawo yonse yapita pachabe.

Lamlungu bwalo lidadzaza. M'chipinda chovalira Abilio adali atakonzeka, singano ili m'manja, osewera awiri akudikira pa benchi atavula masokosi. Faustino adalowa ndi ndodo yake, n'kukhala pakati pawo. Adapinda buluku, kumasula bandeji, n'kuwaonetsa onse chipsera chofiira chimene chidayambira pantchafu kukafika pansi pa bondo. Adawauza m'Chipwitikizi kuti iye wasewerera matimu amene iwo amangowamva pa wailesi, wavala malaya a dziko, ndipo palibe ngakhale mmodzi mwa akuluakulu aja amene adabwera kudzamugwira mkono m'khonde la chipatala.

"Singano ija ndinayamba kuilandira ku Portugal," adatero. "Ndinkayesa kuti ndi kulimba mtima. Onani kumene yandifikitsa. Lero sindibayidwa ndipo sindisewera. Mpira ndautsiriza."

Wotchinga kumbuyo wina, bambo wa ana atatu amene ankagwira ntchito yokhoma madenga, adayang'ana chipseracho, n'kuyang'ana chidendene chake chotupa. Adavala sokosi yake n'kuuza mphunzitsi wa timu kuti alowetse wina. Mwini timu adalusa. Adamutcha Faustino wosayamika, n'kumuuza kuti asadzapondenso m'chipindamo. Faustino adamanga bandeji yake pang'onopang'ono mpaka adamaliza, kenako adaimirira.

Sadatulukire khomo lakuseri. Adatsata timu polowa m'bwalo, atavala jekete, akutsamira ndodo. Anthu ataona kuti sadavale zosewerera, ena adaimba malikhweru omunyoza, wina adaponya kapu ya pepala. Iye adayendabe mpaka pakati pa bwalo, n'kuvula chipewa, kuweramira mbali zonse monga ankachitira ku Portugal. Madala ena omanga nyumba, anthu amene mawondo awo adathera pa simenti, ndiwo adayamba kuimirira. Ena adatsatira, mpaka malikhweru aja adamira m'kuomba kwa manja. Mayi Zelipa, amene adabwera atanyamula chikwama cha mabandeji poopa zoipa, adachiika pansi n'kululutira monga achitira kwawo ku Dedza, azungu oyandikana nawo akudabwa.

Timu idagonja tsiku limenelo. Apwitikizi ena sadamukhululukire, ndipo Amalawi ena adasiya kumutchula kuntchito. Anthu ndi otero.

Panja pa bwalo Medson adamupeza atatsamira mpanda. Adayamba kupepesa, akunena kuti iye ankangofuna anthu adziwe kuti kwathu kumachokeranso anthu. Faustino adamuuza kuti zimenezo anthu azidziwa kale, ndipo Medson asiye kumutcha msuweni ngati sangathe kumuuza zoona. Medson adatsegula chitseko cha galimoto.

"Tsekani, a Medson," adatero Faustino. "Ndikakwera basi. Pokwerera si patali, ndipo ndikufuna ndikafikepo ndi miyendo yanga iwiri."

Adauyamba ulendo wapansi m'mbali mwa msewu, pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, mwendo wamanja ukutsatira. Bondolo silidapindikenso bwino mpaka kalekale, koma mwendo sudadulidwe.

Phunziro: Mankhwala opha ululu sachiza chovulala, ndipo jekeseni yobayidwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo ikhoza kukudulitsani chiwalo. Mfundo ikatupa n'kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti masewero kapena ntchito ithe. Ndipo inu achibale, musabise matenda a munthu chifukwa chomulemekeza kapena kumunyadira. Muuzeni zoona, ngakhale pagulu.