Mwala wa Che Hamadi

Mayi Lena anauza ana a Sitandade 5 pasukulu ya ku Nselema kuti aliyense abwere ndi mwala wakwawo. M'mawa mwake tebulo linadzaza ndi miyala ya m'njanji, nsangalabwi za kumtsinje, ngakhalenso chidutswa cha njerwa chomwe Japhet anakakamira kuti ndi mwala ndithu, kungoti unapsa.

Wa Nasra unali wachilendo. Unali wotuwa, wosalala ngati sopo wotha, ndipo m'mphepete munali kamzere kopiringizika ngati msana wa nkhono. Zoterezi Mayi Lena anali atangoziona m'buku. Anauza anawo kuti mwina kalekale nkhono inakwiririka m'matope, matopewo n'kuuma mpaka kusanduka mwala. Kuti adziwe zoona, panafunika kuuswa.

Atanyamula hamala, anaona misozi ikutsika m'masaya mwa Nasra. Mwanayo ananong'ona kuti mwalawo anautenga pamphasa ya bambo ake, Che Hamadi, omwe anafa ziwalo mbali imodzi. Madzi amawapweteka, choncho asanaswali amasisita dzanja pamwalawo m'malo mosamba. Apa n'kuti swala, pemphero la Asilamu la masana, ili pafupi.

Mayi Lena anaponya hamala m'chikwama, n'kumukweza Nasra panjinga.

Anapeza Che Hamadi atagona pakhonde, dzanja lamoyolo likufufuza pansi pa mphasa. Anagwada, anapepesa, n'kuwapatsa mwalawo. Anakadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka bambowo atamaliza kupemphera, kenako anabwera kudzatsazika.

"Musafulumire, aphunzitsi. Mwanayu akuti mumafuna kuuswa. Mukuti mkatimo muli chiyani?"

Anayankha kuti mwina muli nkhono yakalekale, mwinanso mulibe kanthu.

Che Hamadi anautembenuza mwalawo ndi chala chachikulu. Anati unakodwa mu ukonde wawo pa nyanja ya Chiuta akadali mnyamata, ndipo zaka zonsezi kamzereko kamawafunsa mafunso.

"Theka lindikwanira poswali. Koma muuswere pompano, nanenso ndione. Mukapeza mulibe kanthu, musakandiseketse ku Nselema."

Nasra anadzutsa mutu wa bambo ake, kuutsamiritsa pamiyendo pake. Mayi Lena anapemphera chamumtima, n'kumenya kamodzi.

Mwala unagawika pawiri. Mkati munali nkhono yathunthu, yopiringizika bwinobwino, yolimba ngati mwala womwewo.

Bambowo anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako analowetsa theka losalala pansi pa mphasa, linalo n'kulikankhira kwa aphunzitsi kuti akaonetse anawo.