Othyola Tiyi a Kapitawo Jairosi

"Munda uwu simungauthe nokha, amayi," anatero Tongai akukulunga mphasa zomwe olira maliro anagonapo. "Tiyeni mukakhale nafe ku Mutare. Malowa tigulitse."

Mayi Otilia anapitiriza kutsuka makapu. Amuna awo, a Jairosi, anali atangoikidwa m'manda sabata yomweyo. Anali kapitawo wa othyola tiyi ku esiteti, koma kuseri kwa nyumba yawo ku Samanga analinso ndi kamunda kawo ka tiyi. Chiwayambire matenda, palibe analowamo, moti masamba anayamba kukhwima.

"Tsinde lililonse anabzala okha bambo ako," anatero mayiwo.

"Ndikudziwa. Koma azithyola ndani? Ndi msana wanuwo?"

Kuseri kunamveka anthu akuyankhula motsitsa mawu. Tongai atazungulira nyumba anapeza azimayi ndi azibambo atandanda m'mizere, madengu ali kumsana, manja akuthamanga pamwamba pa tiyi. Linali Lamulungu, tsiku lawo lopuma.

Anayandikira mayi wina wachikulire amene ankaoneka kuti akutsogolera.

"Pepani amayi, ife sitinaitane aganyu."

"Waganyu wamuona pati, mwanangu?" anatero osaleka kuthyola. "Ndine Muchaneta, wa gulu la bambo ako. Ndagwira ndi akapitawo ambiri, ndipo ambiriwo ankangoyang'ana sikelo. Chaka china bwana wamkulu anaitana a Jairosi kutsogolo kuti awayamikire poti gulu lathu linaposa onse. Iwo anakana kupitako okha. Anati, 'Ine sindinathyoleko ngakhale tsamba limodzi,' n'kutidzutsa tonse, matope ali m'miyendo. Ndiye munda wawo ufe ife tilipo? Kauze amayi ako kuti tizibwera."

Tongai anavula jekete n'kulowa mumzere. Ankathyola molakwitsa, anthu n'kumamuseka mwachikondi, akumusonyeza nsonga yanthete.

Dzuwa litafika pamutu, anthu aja anakwera kubwalo. Anaima pansi pa mtengo wa mapeyala, madengu akadali kumsana. Palibe anatula.

"Akudikira chiyani?" Tongai anafunsa amayi ake monong'ona.

"Bambo ako sankalola munthu kudzitula yekha. Ankamutula ndi manja awiri, n'kumuthokoza pomutchula dzina."

"Koma ine mayina awo sindiwadziwa."

"Ine ndikuwadziwa. Mayinawo bambo ako ankabwera nawo kunyumba madzulo alionse."

Mayi Otilia anapukuta manja pachitenje n'kuima pambali pa mwana wawo. Mwamuna woyamba anatembenuka, kulozetsa dengu kwa Tongai.

"A Chenjerai," ananong'oneza mayiwo.

Tongai anagwira dengu lija ndi manja awiri, nalitsitsa pang'onopang'ono mpaka linakhala pansi.

"Mwagwira ntchito, a Chenjerai. Zikomo."

Mwamunayo anawerama osatembenuka, akupukuta m'maso ndi chipewa. Wotsatira anasendera pafupi.