Anapiye a Ahedi

Ndinakakhala kwa achimwene chifukwa cha mwendo. Ndinaterereka pa masitepe kuntchito, fupa nkuthyoka m'munsi mwa bondo, ndipo atandiika chikhakha achipatala anati ndisakhale ndekha. Alamu anandiyalira pa sofa wa pabalaza, poti chipinda cha alendo chinali chodzaza ndi makatoni. Kutacha ndi pamene ndinazindikira kuti andigoneka m'kalasi.

Achimwene anali atachotsa ana awo awiri kusukulu chaka chapitacho. Mlandu wake unali wakuti mphunzitsi wina anachonga molakwika samu ya mwana wawo wamkazi. Wina aliyense akanangopita kukamuonetsa mphunzitsiyo, nkhani nkuthera pomwepo. Iwo anakalalata mu ofesi, nkutuluka atagwira ana uku ndi uku, akulumbira kuti aziwaphunzitsa okha. Ntchito yogulitsa inshuwalansi anali ataisiya kale, ati bwana wawo anali wosaona patali. Anthu oyandikana nawo anawapatsa dzina loti Ahedi, ndipo iwo ankavomera nkhope ili ngwee, osadziwa kuti akusekedwa.

M'mawa uliwonse ankavala shati yoyera ndi tayi, koma kumunsi kabudula ndi masilipasi, chifukwa foni yomwe ankadzijambulira inkalekezera pamchombo. Ankaliza belu la njinga lomwe anakhomera pachitseko cha khitchini, ana nkufola pafupi ndi mwendo wanga. Akatero ankalankhula za kuipa kwa masukulu, kuti amapha nzeru za ana ndi kuwasandutsa nkhosa. Foni ikangozimitsidwa ankamasula tayi.

"Zotsalazi amayi anu apitiriza," ankatero, nkulowa kuchipinda kukakonza kanema woti atumize kwa anzawo.

Zotsalazo ndiye zinali samu, kuwerenga, kulemba ndi china chilichonse. Alamu ankaphunzitsa tepi yoyezera ili m'khosi, mwendo uli pa mashini, chifukwa madiresi omwe ankasokera anthu ndi amene ankadyetsa sukulu yonseyo pamodzi ndi ahedi ake. Sindinawamvepo akudandaula, ndipo zimenezo zinkandinyansa kuposa tayi ija. Mwamuna akanena zopanda mutu iwo ankangoti, "Chabwino bambo," ulusi uli kukamwa.

Mwana wamkuluyo anali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, woonda, wa maso osaphethira msanga. Tonse tinkamutchula kuti Mafunso, poti chilichonse ankafuna amve chifukwa chake. Mlongo wake wamng'ono anali asanafike podandaula za maphunziro. Iye bola choko, ankachidya.

Makatoni a m'chipinda cha alendo aja anali manda a ntchito zakale za sukuluyi. Munali wotchi yomwe inayenera kuyenda ndi mphamvu ya mandimu, munali kachipangizo koyezera mvula komwe kanagwa padenga ndi mvula yoyamba, munalinso mabotolo a nyemba zomwe zinamera nguwi m'malo mwa masamba. Chilichonse chinajambulidwa tsiku loyamba. Tsiku lomaliza panalibe chomwe chinajambulidwapo.

Sabata yanga yachiwiri Ahedi analengeza kuti tsopano tiphunzira chiyambi cha moyo. Anatenga katoni yaikulu, nkuboola timabowo m'mbali, nkupachika babu m'kati, pansi nkuikapo kambale ka madzi. Kenako anapita kushopu nkubwera ndi thireyi ya mazira.

"Makina awa afungatira mazirawa ngati thadzi," anauza foni. "Pakatha masabata atatu muona anapiye akutuluka. Ana a kusukulu amangoona zimenezi pa chithunzi."

Mafunso anaikonda ntchitoyi ndi mtima wonse. Dzira lililonse analijambula nkhope ndi pensulo, lina likuseka, lina lili ndi ndevu, lina lovala magalasi ngati anga. Ankawatembenuza m'mawa ndi madzulo, kuthira madzi m'kambale, ndipo magetsi akathima ankafundika katoniyo ndi bulangete lake. Anakumba m'makatoni muja mpaka anapeza buku la za ziweto, naliwerenga atakhala pansi, msana atatsamira sofa wanga.

Tsiku lina anadzutsa mutu.

"Ababa, mazirawa munagula kushopu?"

"Eya."

"M'bukumu akuti nkhuku zoikira mazira ogulitsa zimakhala zokhazokha popanda tambala. Akuti dzira lotero siliswa."

"Mabuku amalembedwa ndi anthu, mwanawe. Ife pano timayesa tokha."

"Ndayesa. Ndawalitsa tochi kuseri kwa dzira monga akunenera. Mulibe kanthu, ababa. Mukungooneka mbee."

"Vuto lako ndi kupupuluma. Unatengera azakhali akowa."

Ine za nkhuku sindidziwa, ntchito yanga ndi yotayipa makalata mu ofesi, koma ndinati, "Achimwene, bwanji mumumvere mwanayu? Mwina mupeze mazira ena kwa oweta nkhuku."

"Mlongo wanga, iwe chiritsa mwendo. Za sayansi utisiyire."

Chomwe sananene nchakuti anali ataitana kale gulu. Panali mabanja angapo omwe nawonso ankaphunzitsa ana pakhomo, ndipo ankayenderana mwezi ndi mwezi kukaonetsana zomwe ana achita. Ulendo uno unali wa kwathu, Loweruka lomwe anapiye anayenera kutuluka.

Lowerukalo linafika, mazira ali duu, nkhope za pensulo zikungotiyang'ana. Mafunso anagwada pa katoni, khutu ataligunditsa kumbali, osamva kanthu. Ahedi anayendayenda pabalaza, kenako anauza alamu kuti atenge ana onse awiri akagule zakumwa ndi mabisiketi a alendo, ndipo asathamange pobwera. Atangotuluka, iwonso anatuluka.

Anabwera ndi kabokosi kolira kuti tsiyo tsiyo. Ine ndinali nditatseka maso, koma makutu ndinalibe chotsekera. Anatola mazira a Mafunso onse nkuwaika m'jumbo. Anatenga mazira ena atsopano m'firiji, nkuwaswera m'kapu, makoko ake nkuwamwaza m'katoni. Pamwamba pake anakhuthulirapo anapiye.

"Achimwene, mukutani?"

Anadzidzimuka mpaka kapu inatsala pang'ono kugwa.

"Ndikuthandiza chilengedwe. Ana asakhumudwe."

"Ana kapena alendo?"

"Iwe uli m'nyumba mwanga, ukudya zanga. Pakamwa potseka sipalowa ntchentche."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti ndikudya za mashini a alamu, koma geti linalira, alamu ndi ana akubwera. Ahedi anayang'ana uku ndi uku, jumbo ili m'manja, nkuikankhira pansi pa sofa wanga ndi phazi. Ndinamva kanthu kakuti tswa. Ndi chikhakha chofika pantchafu sindikanatha kuwerama, ndipo iwo anali atathamangira kale kukavala tayi.

Kamnyamata kaja katamva kulira kwa anapiye kanataya jumbo ya mabisiketi nkuyamba kuvina. Mafunso anafika pa katoni akuthamanga, nkhope itasungunuka ndi chimwemwe. Anatola mwanapiye mmodzi, namuika patsaya. Kenako anatola khoko la dzira, nalitembenuza. Anatola lina. Anatolanso lina, nalipenyetsetsa mbali zonse. Panalibe ndevu, panalibe magalasi, ndipo m'kati mwake munali mukadali madzi oyera a dzira laliwisi. Anayang'ana mayi ake. Alamu anayang'ana pansi nkuyamba kupinda tepi yawo. Mwanayo anabweza mwanapiye m'katoni pang'onopang'ono.

Alendo anafika dzuwa litatentha. Panali bambo wina wandevu yemwe ankati mwana wake amayankhula zinenero zinayi, ngakhale tsiku lonselo mwanayo sanayankhule ngakhale chimodzi. Panali mayi wa chikwama chachikulu yemwe ankaphunzitsa mapasa ake chilichonse kudzera m'nyimbo, ndipo mapasawo ankakwera mipando ngati anyani. Ena ndayiwala, onse ankafanana polankhula: mwana wanga, mwana wanga, osamvetsera mwana wa mnzawo. Anadzaza pabalaza, mawindo otseka kuti anapiye asazizidwe.

Ahedi anaimika foni pa shelefu nkuyamba. Anafotokoza za kuleza mtima, za kutentha koyenera, za usiku womwe sanagone poyang'anira babu. Anthu anawomba m'manja. Ali m'kati molankhula, kafungo kanayamba kukwera kuchokera pansi panga. Poyamba kanali kongodutsa, kenako kanakhazikika. Bambo wandevu anasuntha mpando. Wina anatsokomola. Mmodzimmodzi anayamba kuyang'ana chikhakha changa.

Mayi a mapasa anandiweramira, mpango uli pamphuno.

"Achemwali, pepani, mwendowu adokotala anauona posachedwapa? Zoterezi sizochedwa nazo. Amalume anga anadulidwa."

"Mwendo wanga uli bwino, mayi. Chawola m'nyumba muno ndi china."

Ahedi anakweza mawu. "Tsopano mwana wanga wamkulu atifotokozera momwe anaonera mwanapiye woyamba akuboola dzira. Bwera, mwanawe, usachite manyazi."

Mafunso anaima pafupi ndi katoni, manja ali kumbuyo.

"Sindinaone," anatero.

"Fotokoza zomwe unaphunzira basi."

"Sindinaone, ababa. Munatituma kushopu."

Anthu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Nthawi yomweyo kamnyamata kaja, komwe kanali katanyamula mwanapiye, kanamuphonya, mwanapiyeyo nkuthawira pansi pa sofa. Mapasa anagona chafufumimba kumulondola. Mmodzi anatuluka ndi mwanapiye, winayo anatuluka akukoka jumbo. Ahedi anakuwa kuti siya, koma mwana wophunzira ndi nyimbo samva mawu opanda nyimbo. Anaikweza m'mwamba kuti aone, mnzake anailanda, jumbo nkugwa pasimenti.

Phuu! Dzira lina linaphulika ngati mfuti. Dzira lomwe lakhala masabata atatu pa babu silifuna kufotokoza. Ndinamva ngati wina wandithira chimbudzi m'mphuno, misozi nkutuluka yokha. Anthu anapanikizana pakhomo, bambo wandevu patsogolo, mwana wake wa zinenero zinayi atamusiya m'mbuyo. Ine ndinalibe kothawira.

Mafunso yekha ndi amene anasendera pafupi. Anagwada, natsegula jumbo ija, natulutsa dzira limodzi lomwe silinasweke. Linali la ndevu. Analipukuta ndi diresi lake lokongola lomwe mayi ake anamusokera chifukwa cha tsikuli.

"Awa ndi mazira anga," anatero, mawu ali pansipansi. "Onse ali muno. Nanga anapiyewa atuluka kuti?"

Ahedi anakonza tayi. "Apa ndiye pali phunziro lenileni, ana inu. Ndinachita dala kuti ndione ngati muli ndi maso. Wasayansi amafunsa. Muwombereni m'manja!"

Panalibe wowomba. Omwe anatsala anali atatseka mphuno ndi manja awiri.

Alamu anatsegula mawindo, nkundithandiza kutuluka ndi ndodo zanga kukakhala pakhonde. Alendo anali akutsanzika mothamanga, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti kunyumba kuli zochita. Ndinaganiza kuti gulu lathera pomwepo. Koma ndili pakhondepo ndinaona mayi a mapasa akukokera achimwene pambali, pafupi ndi ine ndithu, ngati kuti munthu wa chikhakha ndi wogontha.

"Ahedi, musadandaule, ana ndi ana," ananong'ona. "Koma tandiuzani, anapiyewa munagula pati? Ifenso tinaika mazira, akukana, ndipo mwezi wamawa gulu likubwera kwathu."

Achimwene anawalongosolera njira bwinobwino, mpaka kuwalozera ndi dzanja pokhotera.

Madzulo ake alamu ndi Mafunso ndi amene anakolopa. Ahedi anali kuchipinda, akudula kanema kuti alekezere pomwe anthu anawomba m'manja. Ine ndinali nditabwerera pa sofa, fungo likadali m'makatani.

"Amayi, munkadziwa?" anafunsa Mafunso akufinya chikolopa.

"Ndinazindikira titabwera."

"Bwanji simunanene?"

"Ndi bambo ako."

"Ndikufuna kubwerera kusukulu."

"Kuja mphunzitsi anakulakwitsa samu yokhoza, waiwala?"

"Analakwitsa, koma anzanga anandiuza kuti mawa lake anapepesa pamaso pa kalasi yonse. Ababa sanadikire kuti amve." Anaviika chikolopa m'ndowa. "Ndipo mphunzitsi akandinamiza, ndikaweruka ndimamusiya konko."

Alamu anamuyang'ana, chikolopa chikudontha m'manja. Ndinadikira kuti anena zija za chabwino bambo. M'malo mwake anafunsa mwanayo ngati nsapato zake zakuda zikumukwanabe.

Sanakangane ndi mwamuna wawo, sanapemphenso chilolezo. Lolemba anasiya diresi la kasitomala pa mashini nkudula nsalu ya yunifolomu. Achimwene ataona anafunsa kuti ndi ya ndani, alamu nkuyankha kuti ndi ya mwana wawo, ayamba teremu ikubwerayi. Ahedi analankhula mpaka chakudya chinazizira patebulo. Alamu anapitiriza kupalasa mashini, ndipo achimwene akakweza mawu iwo ankapalasa mwamphamvu.

Chikhakha anandichotsa teremu isanayambe, ndinabwerera kwanga. Anapiye aja anakula, onse nkukhala atambala, chifukwa wogulitsa wake anapatsa achimwene omwe oweta ena anawakana. Mafunso ankawadyetsa asanapite kusukulu. Kamnyamata kanatsala pakhomo, alamu akukaphunzitsa zilembo, Ahedi akukonzekera ntchito yatsopano yoweta njuchi kuseri kwa bafa.

Mwezi watha ndinakumana ndi bambo wandevu uja pa siteji ya basi. Anandiuza kuti Ahedi anafotokozera gulu lonse kuti mwana wawo wamkulu anapitirira msinkhu wa anzake, ndiye anamutumiza kusukulu kuti akathandize aphunzitsi.

"Ndi munthu wopatsa, achimwene anuwo," anatero.

Basi yanga inafika, ndinakwera.