Khofi wa Mkamwini

Allan pobwera kuchokera ku Joni anawagulira apongozi ake a ku Biriwiri botolo la khofi waufa. Analipatsira mkazi wake Tawina, poti mkamwini sapereka chinthu m'manja mwa apongozi aakazi. Tawina anangotula botololo kwa amayi ake n'kuthamangira kudimba.

Mayi Lufina, amayi ake a Tawinawo, chibadwire anali asanaphikepo khofi. Kufunsa akanafunsa, koma afunse ndani? Iwo akamva mkamwini akubwera amapatuka n'kulowa m'chimanga. Ndiye anachita zomwe amadziwa: anakhuthulira theka la botolo mumphika ngati masamba a tiyi, n'kuwiritsa mpaka bii. Kuwawako anakuphimba ndi shuga.

Amuna awo, a Bizwell, munthu wodwala kuthamanga kwa magazi, anakwinya nkhope koma anamaliza makapu awiri aakulu. Mphatso ya mkamwini saisiya m'kapu.

Dzuwa lisanafike pamutu, mdalayo anali gone pakhonde, thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, mtima ukugunda ngati chigayo.

"Ndikufa ine," anatero a Bizwell. "Mwandimwetsa chiyani?"

Wina anathamanga kukaitana njinga yamoto yoti iwatengere kuchipatala ku Boma. Koma Nicholas, mwana wawo wachisamba, wamtima wapachala, anathamangira mpini wa khasu.

"Ndi mlamuyu!" anakuwa Nicholas. "Dimba la bambo wakhala akulisirira kalekale. Watibweretsera chiphe m'botolo!"

Anthu anaunjikana. Awiri anamugwira Allan mikono.

"Alamu, ndi khofi chabe," anadandaula Allan. "Kasupuni kamodzi pa kapu sikangaphe munthu."

Panalibe womumvera, kupatula mayi Lufina kuseri kwa chitseko cha khitchini. Kasupuni kamodzi! Akayankhula, mudzi wonse udziwa amene wagwetsa a Bizwell. Akakhala chete, mwamuna wa mwana wawo aphwanyidwa mutu.

Njinga inanyamuka ndi wodwala. Nicholas anakweza mpini.

Mayi Lufina anatuluka, naima pakati pa awiriwo. Kwa nthawi yoyamba Allan chikwatirire Tawina, anamuyang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Mwati kasupuni kamodzi, bambo?"

"Kamodzi, amayi," anayankha Allan, maso ali pansi.

"Ine ndinathira theka la botolo." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Nicholas, ngati ukumenya wakupha bambo ako, yambira pano."