Singano pa Milomo ya Azakhali

Masiku amenewo aliyense ankakwera masitepe a ku chipinda chopetera nsalu ngati wasenza thumba. Chiwonetsero cha zovala zapamwamba chinali chitayandikira, ndipo anthu anali atatopa mpaka nthabwala zinawathera. Madamu, eni ake a malowo, anali atakonza diresi lalitali loti m'munsi mwake monse mukhale zithunzi za amayi akale, wina atabereka mwana, wina akuumba mbiya, wina akuluka tsitsi la mnzake. Wopeta aliyense anapatsidwa danga loti aikepo mayi wake womubereka.

Danga lakutsogolo linali la Azakhali, wamkulu pa opeta onse. Thupi la malemu mayi awo anali atalimaliza, mpango ndi ndolo zomwe. Kunangotsala nkhope, ndipo sankafuna kuti dzanja lina liikhudze. Kunyumba kunalibe chithunzi cha mayiwo ngakhale chimodzi. Nkhope yawo inali m'mutu mwa Azakhali mokha.

Nkhope imadya ulusi wamitundu yambiri. Posafuna kuchedwa, Azakhali ankaluma singano zingapo pa milomo uku akusoka ndi imodzi. Anayamba zimenezi ali mtsikana, ndipo munthu akawaletsa ankangoyankha ndi mphuno, poti pakamwa panali podzaza.

Tsiku lina masana, maso atalemera, msana ukuwawa, anayasamula. Anatsamwa n'kutsokomola mpaka misozi. Atalavulira singano zija m'manja, kasingano kamodzi kakang'ono kamene ulusi wake unali utatha sikanaoneke.

"Mwameza!" anakuwa Wailesi, mnzawo wa pa tebulo limodzi, amene anapatsidwa dzinali chifukwa sankatseka pakamwa. "Musade nkhawa. Idyani nthochi ndi buledi wambiri, kakankhike. Mlamu wanga anameza phini, lero ali ndi zidzukulu."

"Osapita kuchipatala bwanji?" anafunsa Madamu, koma mawu awo anali ofooka, maso ali pa diresi.

"Akakandigoneka kumeneko, nkhope ya amayi asoka ndani?" anatero Azakhali. "Ndimalize kaye."

Nthochi anadya, buledi anadya, koma chifuwa sichinasiye. Chikawagwira ankatembenukira kukhoma kuti asadetse nsalu. Thupi linayamba kutentha. Ankasoka diso n'kulimasula, kusokanso n'kumasulanso. Kunena zoona, munthu ukawayang'ana unkangomva chisoni, ntchito sinkasuntha.

Amene anazitulukira ndi mpongozi wawo, namwino, pamene ankachapa zovala n'kupeza kampango kamagazi m'thumba la juzi.

"Amayi, magazi awa achokera kuti?"

Azakhali anazemba pang'ono, kenako anafotokoza zonse, za nthochi zomwe.

Namwinoyo anakhala pansi, manja ali thovu lokhalokha. "Amayi, chakudya chimapita m'mimba. Inu mukutsokomola magazi, ndiye kuti singanoyo mwina inalowa njira ya mpweya. Buledi safika kumeneko. Ngakhale ikanakhala m'mimba, chinthu chakuthwa sitichikankha ndi chakudya, chingaboole matumbo. Valani tizipita."

"Mwana wanga, kwangotsala pakamwa ndi diso limodzi. Ndipatse mawa lokha."

"Ayi, amayi. Lero sindikumverani."

Atawajambula pachifuwa kuchipatala, singano ija inaoneka bwinobwino itakhazikika m'mapapo. Dokotala anati akanabwera tsiku lomwelo akanayesa kuichotsa ndi kachipangizo kolowera pakamwa, ndipo mwina akanabwerera ku ntchito msanga. Koma tsopano malowo anali atatupa ndi mafinya, moti panafunika opaleshoni.

Chiwonetsero sichidikira wodwala. Madamu anapatsa Wailesi danga lija kuti alimalize, ndipo akuti kwa nthawi yoyamba anagwira ntchito osayankhula. Madamu nawonso, manyazi atawagwira, anasoketsa timapilo tobayapo singano toti wopeta aliyense azimanga pa mkono.

Tsiku la chiwonetserolo litadutsa, mpongozi uja anabwera kuwodi ndi foni. Azakhali anadzuka movutikira n'kutsamira pilo. Pa foniyo mtsikana wamtali ankayenda monyadira atavala diresi lija, anthu ataimirira akuomba m'manja.

"Taimitsa pamenepo. Takulitsa kutsogoloko."

Anayang'ana nthawi yaitali. Mpango unali womwewo, ndolo zomwezo. Nkhopeyo inali yosalala, yomwetulira, yopanda polakwika.

"Wasoka bwino Wailesi," anatero Azakhali chapansipansi, akubweza foniyo. "Koma mayi ameneyu sindikumudziwa."

Phunziro: Singano, phini kapena msomali tisamazigwire ndi milomo, ngakhale tinazolowera kuyambira kale. Chinthu chakuthwa chikalowa kukhosi, tisachikankhe ndi chakudya, tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Kuchedwa pofuna kupulumutsa ntchito n'kumene kumatilanda ntchitoyo.