Masamba Pamsewu wa ku Manda

1.
Abambo asowa. Anatero mayi wina ataima pakhomo la polisi, phazi limodzi mkati, lina kunja. Lowani, mayi, ndinatero. Ndili bwino pompano, anayankha. Dzina lake Irakoze, mwana wa a Bizimana, telala wa pamsika wa Chigwenembe. Maso ake anakhala pa baji yanga yatsopano, yolembedwa Thombozi, nthawi yaitali kuposa yowerengera dzina limodzi.

2.
Fomu ya anthu osowa.
Dzina: Bizimana.
Zaka: 71.
Zovala: jekete lakuda, kunja kukutentha chonchi.
Matenda: shuga, kuiwala.
Anadya komaliza: dzulo madzulo.
Mtundu:
Cholembera changa chinaima. Mzere umenewu anatiuza kuti tisamaudzazenso, koma mafomu ena sanasindikize.
Lembani zomwe mumalemba zija, anatero Irakoze. Mburundi. Ine ndinabadwira pachipatala cha mishoni apa, komabe lembani. Chitani changu basi, bwana. Akapanda kudya mpaka masana amagwa.
Nthawi inali itadutsa kale teni koloko.

3.
Zaka ziwiri zapitazo mayi ake a Irakoze anamwalira. Anthu a pamsika anathyola nthambi n'kuziyala pamsewu, monga timachitira kwathu kuno pakagwa zovuta. Mwana aliyense amadziwa. Ukaona masamba pamsewu, wa njinga umatsika, wa chipewa umavula, wa galimoto umayenda ngati wanyamula mazira. Tsiku limenelo kunabwera galimoto ya polisi yofuna anthu obwera opanda mapepala.
Galimoto sinaime.

4.
Ku maphunziro osintha apolisi tinakhalako masiku asanu. Tinabwerako ndi izi:
baji ya dzina,
kabuku ka ufulu wa anthu,
tisheti yolembedwa kuti Wapolisi Ndi Mnzako,
bokosi la madandaulo lomwe mpaka lero muli mavu okhaokha,
mimba zokhuta samusa.
Mphunzitsi anatiuza kuti tizimwetulira. Tinayeserera awiriawiri, anthu akuluakulu a ndevu zathu, kusekererana ngati tikufunsirana. Anafunsanso kuti ndani mwa inu anagwirapo munthu chifukwa cha mphuno yake, msinkhu wake, kapena lilime lake. Tonse tinayang'ana kudenga. Dengalo linali labwino ndithu.

5.
Irakoze akulankhula:
Musabwere ndi galimoto, ndapota nanu. Ndi yunifolomuyo musabwere nayo. Abambo dzina langa amaliiwala, makina awo osokera amawafunsa kuti ndi a ndani, koma nsapato ya wapolisi amaimva ili kutali. Amalowa pansi pa tebulo. Munthu wamkulu, wa imvi, pansi pa tebulo.
Bwana wathu wa pasiteshoni akulankhula:
Tenga galimoto, Thombozi. Anthu aone kuti tasintha. Ukawapeza ujambule chithunzi.
Ndinatenga galimoto. Irakoze anakana mpando wakutsogolo, anakwera kumbuyo, kumene timakweza omangidwa.

6.
Pamsika.
Sitinawaone, anatero wa nyama.
Sitinawaone, anatero wokonza mafoni, osadzutsa mutu.
Sitinawaone.
Ndinamwetulira monga anatiphunzitsira mpaka masaya kuwawa. Zinandipsetsa mtima, ndisaname. Munthu akufa kwinakwake, inu mukundiyankha ngati ndabwera kudzalanda masikelo? Kenako mayi wina wa tomato, mai Nachisale, anamukokera Irakoze pambali. Ine anandipatsa msana. Mwana wanga, adutsa m'mawa bambo ako, atanyamula nthambi za mango. Ndimayesa akukapatsa mbuzi.
Abambo alibe mbuzi, anatero Irakoze.

7.
Tsiku lija galimoto inaponda masamba n'kulowa mpaka pabwalo pomwe azimayi ankaimba ndipo apolisi awiri anatsika nati mwini nyumba ndani ndipo a Bizimana anadzuka pafupi ndi bokosi la mkazi wawo nati ndine, mapepala ali m'nyumba, koma wina anati mukalongosola kutsogolo, ndipo abusa anati bwana taonani pali maliro, ndipo wina anati maburundi inu mumadziwa kubisala kumbuyo kwa chilichonse, ndipo anawakweza kumbuyo atavala jekete lakuda ndipo galimoto inabwerera cham'mbuyo n'kupondanso masamba omwe aja ndipo mtembo sukanadikira ndi kutentha kuja choncho anaika maliro mwamuna wake ali m'chitolokosi momwe anakhala masiku atatu mpaka wina anawerenga mapepala aja n'kupeza kuti anali abwinobwino nati pepani madala mutha kumapita
Galimoto sinaime.

8.
Dzuwa pamutu. Tazungulira kutchalitchi, kuchigayo, kumjigo. Irakoze wagwira botolo la Sobo lomwe wagula pamsika, akungolitembenuza m'manja. Ndikuyang'ana wotchi, ndikuyang'ana m'ngalande, ndikuyang'ananso wotchi. Wa kabaza wina waima pafupi ndi galimoto ndipo akulankhula kwa Irakoze, ine ngati kulibe. Achemwali, kodi kwagwa zovuta? Kumsewu wa ku manda kuli masamba, koma sitinamve kuti wamwalira ndani.
Irakoze wamenya denga la galimoto ndi chikhatho. Tiyeni.

9.
Masamba.

10.
Nthambi za mango, zoyalidwa bwinobwino kuchokera mbali ina ya msewu kufika mbali ina. Patsogolo pake, chapatali, munthu wa jekete lakuda atakhala pansi, mutu uli pendapenda. Msewu unali woti n'kudutsa. Mphindi iliyonse inali yofunika, ndipo phazi langa linkadziwa zimenezo.
Ndinaponda buleki. Ndinazimitsa injini. Irakoze anadumpha n'kuthamanga ndi botolo lake. Ine ndinavula chipewa, ndinatsika, ndinayenda wapansi.
A Bizimana anandiona ali pakati pakumwa. Sobo anatayikira pajekete. Anayesa kudzuka, miyendo inakana, dzanja linalowa m'thumba la mkati.
Mapepala ndili nawo, bwana. Lero ndili nawo.
Ndinanjuta patali pang'ono, chipewa chili m'manja. Zonse za masiku asanu zija zinandithawa. Sindinadzere mapepala, bambo, ndinatero. Ndabwera ku maliro.
Anandiyang'ana. Anayang'ana galimoto ili kuseri kwa masamba, zii.
Mwachedwa, anatero.
Ndachedwa, bambo.
Imwani kaye, ababa, anatero Irakoze. Anamwa. Patapita nthawi mutu unawongoka. Chithunzi cha bwana sindinajambule.

11.
Kwa iwo maliro aja sanathe, anatero Irakoze akuwapukuta thukuta ndi chitenje. Tsiku lililonse amafunsa kuti tinyamula bokosi nthawi yanji.
Pamenepo m'pamene ndinanena. Sindinanene kwa mphunzitsi uja, sindinanene kwa mkazi wanga, ndipo m'nkhani ino ndakhala ndikunena kuti galimoto, galimoto, ngati galimoto ili ndi maso. Mayi, tsiku lija woyendetsa ndinali ine. Masamba ndinawaona ndili patali. Palibe anandiuza kuti ndiwaponde. Ndinangoona kuti ndi maliro a obwera.
Sindinaime.
Ndinayembekeza kuti akalipa, kapena alira. Ndinkachita manyazi, komanso penapake ndinkafuna andiyamikire kuti ndaulula. Iye anatseka botolo.
Tikudziwa, a Thombozi. Msika wonse ukudziwa. Mumayesa anthu aja samakuyankhani chifukwa cha yunifolomu? Dzina lanu tinalidziwa baji isanabwere.
A Bizimana anali ataimirira, akukonza jekete, nkhope italoza kumitengo ya kumanda. Anatambasula dzanja kufuna wowagwira, ndipo mbali imeneyo kunali ine. Ndinayang'ana Irakoze. Sanandilole, sanandiletse.
Ndikayandikitse galimoto? ndinafunsa.
Isiyeni pomwepo, anatero Irakoze. Kumanda timapita wapansi.