Pasiwedi ya kwa Sophie

Lines anakhala pampando wa m'saluni ya Sophie pa Chonde, tsitsi litalukidwa theka, mtima ukuwira. Sanabwerere tsitsi ayi. Anabwera kudzaona ndi maso ake mkazi amene anthu a ku Likhubula ankanong'ona kuti wamulanda mwamuna wake Hopeson, woperekeza alendo kuphiri. Ndipo Sophieyo analidi wokongola, manja ake ofewa. Zimenezi zinamuwawa Lines koposa manong'onong'o aja.

Hopeson anali atakana mpaka kulumbira. "Mkazi ameneyo sindimudziwa n'komwe. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndinali pamwamba pa phiri ku Chambe ndi azungu." M'mawa wa Loweruka limeneli, asanabwere ku saluni, Lines anali atatenga mobisa foni ya Hopeson yosweka galasi, koma inali yokhoma, yopanda ndi bandulo yomwe. Inangokhala duu m'chikwama.

"Achemwali, tandigawireniko pasiwedi ya wayifai," anatero Lines, pofuna kungomva mawu a mdani wakeyo.

Sophie anaseka, osadziwa kuti akuluka ndani. "Pepani mayi, imeneyo sindipatsa munthu. Apamsikawa ankandimalizira bandulo. Lachitatu lomweli kunabwera katswiri wochokera ku Boma, anaika loko watsopano, akuti WPA3. Uthenga umayenda wosokonezeka, wakuba akaugwira m'njira amangoona zinyalala. Pasiwedi yakale inafa. Yatsopanoyi ndimalemba ndekha m'foni ya munthu, koma wapakhomo pano yekha."

Chikwama chinanjenjemera pamwendo pa Lines. Chinanjenjemeranso, kenako osalekeza. Atatulutsa foni ija, anaona mauthenga akulowa motsatizana, kachizindikiro ka wayifai katadzaza pamwamba pa galasi. Foni inali italowa yokha, osaodira, ngati galu wofika pakhomo pamene amadyapo.

Lachitatu. Tsiku limene Hopeson ankati anali ku Chambe ndi azungu.

"Yalira foni yanu, mayi," anatero Sophie.

"Si yanga," anayankha Lines, akuiika patebulo pakati pa zipeso. "Koma ndaona kuti ndi yapakhomo pano."

Sophie anayang'ana galasi loswekalo, zala zake zinaima m'tsitsi.

Lines anamanga duku pamutu wolukidwa thekawo n'kutuluka. Kutsogolo kwake phiri linali litafunda mitambo yakuda. Hopeson yemweyo ndiye ankakonda kuchenjeza alendo ake kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mvula inayamba kudontha.